Wogulitsa Zifukwa wa ku Mchesi

Ntchito yanga ndi yogulitsa zifukwa. Pachikwangwani cha kashopu kanga ku Mchesi panalembedwa kuti timataipa makalata ndi kupanga fotokope, koma kumeneko n'kungokometsera. Anthu amabwera kwa ine akalakwa, bwana wawo atawauza kuti alembe kalata m'Chingerezi yofotokoza chifukwa chake. Mlonda amene wajomba masiku atatu, mtsikana wa m'sitolo amene wafika kuntchito dzuwa lili pamutu, kholo limene mwana wake wasowa kusukulu teremu yonse, onsewa amadzakhala pabenchi langa. Kumanzere kumakhala kukulira macheka a opala mabokosi a maliro, kumanja wailesi ya wometa tsitsi.

Dzina langa ndine Maxon Likoswe. Ndinaphunzitsa Chingerezi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi m'sukulu za pulaiveti ndisanatope ndi fumbi la choko. Phunziro limene ndinkalikonda kwambiri linali la mawu operekera zifukwa. Pamwamba pa bolodi ndinkalemba because, since ndi as, pansi pake because of, due to ndi owing to. Ndinkawauza ana kuti apamwambawo amafuna utchule munthu ndi chimene wachita, koma apansiwo amakhuta ndi dzina la chinthu chabe, mvula, matenda, maliro, basi chiganizo chatha. Kenako tinkasewera masewera a unyolo. Mwana woyamba ankati wachedwa chifukwa anadzuka mochedwa, wachiwiri n'kuwonjezera chifukwa chimene anadzukira mochedwa, wachitatu chimodzimodzi, mpaka kalasi yonse kufa nako kuseka unyolo utafika kwa agogo a winawake. Chimene sindinkawauza n'chakuti akuluakulufe timakonda mawu apansi aja, poti mvula siingakutsutse ndipo za maliro munthu safunsidwa kawiri.

M'kompyuta yanga muli fayilo ya makalata khumi ndi anayi olembedwa kale, ongosiya mpata wa dzina ndi deti. Nambala wani ndi ya malungo. Nambala thuu ndi ya matenda a kholo. Nambala fili ndi ya maliro a kumudzi, ndipo pali alonda ena ku Area 23 amene aika agogo awo m'manda kanayi kudzera mwa ine. Koma mfumu ya onse ndi nambala seveni, ija imati "due to circumstances beyond our control", kutanthauza kuti zinthu zinangochitika zokha, ife sitikanachitira mwina. Lamulo langa linali limodzi. Kasitomala sindinkamufunsa kuti chinachitika n'chiyani. Ndinkangofunsa kuti bwana wake ndi wotani, wachifundo kapena wouma mtima, wopemphera kapena ayi, kenako n'kusankha nambala. Ndinkanyadira kuti pa mphindi zisanu munthu ankatuluka ndi envulopu m'manja.

Lolemba lina mu Seputembala, amene anadzakhala pabenchipo anali mwana wanga yemwe, Luntha, wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Anali atavala diresi lakuda lija la pamaliro a amayi ake, ngakhale panali patapita miyezi itatu. Anadikira ngati mlendo kuti ndimalize ndi mlonda wina, kenako anayankhula maso ali pa pulinta.

"Adadi, ndinapita kwa ahedi. Akuti mu Fomu 3 mwatsala malo amodzi, ndipo ofuna malowo tilipo atatu. Akufuna kalata ya kholo, ya Chingerezi, yonena chifukwa chimene ndinasiyira sukulu. Akuti ikalowa m'fayilo. Isadutse Lachisanu."

Chibwerereni kuchokera kumudzi, anali asanandiyankhulepo mawu ambiri chonchi.

Ndiyenera kufotokoza mmene anapitira kumudziko. Chaka chatha Luntha anali atangoyamba Fomu 3 pa sekondale ya boma yoyendera ku Kawale, malo amene anawapeza ndi mutu wake, popanda wina kumupemphera. Tsiku lina mayi wogulitsa makala pafupi ndi nyumba yathu ku Biwi anandiimitsa panjira. Anayamba ndi moni wautali, n'kunena kuti iye si wamiseche ayi, koma mwana wa mnzako ngwako yemwe. Anandiuza kuti Lachiwiri lililonse Luntha amatuluka bwinobwino atavala yunifomu, koma akafika pamphambano amakwera njinga yamoto ya mnyamata wa kabaza dzina lake Shafiq, kulowera kutauni, atamugwira m'chiuno. Ndinathamangira kusukulu kukaona rejisitala. Masiku asanu ndi limodzi sanalowe m'kalasi, onse a Lachiwiri.

Nditafika kunyumba sindinamufunse kanthu. Ndinamuimika pabalaza n'kumuuza zonse zimene ndinadziwa, ndi zina zimene ndinangoganiza. Mkazi wanga Betty anagwada pakhomo la kuchipinda nati, "Bambo a Luntha, mwanayu alibe mlandu, tamufunsani bwinobwino." Ndinamukalipira kuti ndi iyeyo amene akumulekerera mwanayo. Luntha anayang'ana amayi ake, amayi ake anayang'ana pansi, ine n'kuona ngati ndiko kuvomera. Loweruka ndinamukweza basi ya ku Chiradzulu, kwa mlongo wanga Lonely, kuti akaphunzire khasu poti cholembera chamukanika.

Kuyambira pamenepo Betty sanakhalenso bwino. Lero ankati ndi mutu, mawa ankati ndi msana, ndipo zovala zinayamba kumukhwepa. Anasiya kupita kumsika kumene ankagulitsa tomato. Pamene ndinamutengera kuchipatala mu Meyi, anati buku lake lakale la kuchipatala linasowa, ndipo tinagula latsopano pageti. Adokotala anandiitanira pambali nati ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo yafalikira kale. Anamwalira mu Juni. Luntha anabwera kumaliro, ndipo sindinamubwezenso kumudzi. Mumtima mwanga ndinkati ndamukhululukira, ndipo ndinkadabwa kuti mwanayu sakuthokoza.

Choncho Lolemba lija ndinatsegula nambala seveni, ndinalemba dzina lake ndi deti, pulinta n'kulavula pepala. Ndinkadziona bambo wabwino zedi, wophimba manyazi a mwana wake ndi Chingerezi chosalala. Luntha anatenga envulopuyo osaitsegula.

Lachiwiri m'mawa tinapita limodzi ku Kawale, iye kutsogolo ine kumbuyo. Ahedi ake ndi Mayi Jennifer Kamtedza, mayi wamfupi wa magalasi omangirira chingwe m'khosi. Anatipatsa mipando, anatipepesa za maliro, natsegula envulopu. Anawerenga mzere woyamba wokha, kenako anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Bambo Likoswe, ndinu a shopu ija ili pakati pa opala mabokosi ku Mchesi?"

"Ndine, Madamu," ndinayankha, nditakweza pang'ono mapewa, poti ndinaona ngati mbiri yanga yafika.

"Ndakhala ndikufuna nditakuonani."

Anatsegula dilowa ya desiki natulutsa mulu wa makalata omangidwa ndi labala. Anawayala padesiki imodziimodzi monga amachitira ogulitsa kaunjika. Anali khumi ndi imodzi, ndipo onse anali nambala seveni. Ndinazindikira ngakhale kamzere kakuda kamene pulinta yanga imasiya m'mphepete mwa pepala.

"Uyu anatenga mimba," anatero Mayi Kamtedza, chala chili pa kalata yoyamba. "Uyu bambo ake anamangidwa. Uyu ankagulitsa madzi kudepoti. Uyu anangotopa nayo sukulu. Koma malinga ndi inu, onsewa anaona zofanana, mpaka ndi fulusitopu yomwe. Awiri amene akulimbirana malo ndi Luntha abweretsanso yomweyi. Yanu ndi yachitatu."

Ndinayesa kunena kuti ndi mmene makalata a muofesi amalembedwera, koma anandidula mawu.

"Chingerezi chanu chilibe vuto, bambo, ndipo ana anga atamalemba chonchi ndingavine. Koma ine sindichonga galamala pano. Ndikufuna kudziwa chimene chinamuchotsa mwana pasukulu, ndi kuona ngati chinthucho chatha kapena chidzamuchotsanso mu Janyuwale. Malo ndi amodzi. Ndikawapereka kwa mwana woti achokanso, ndiye kuti ndawaphera mwayi awiri enawo. Makolo enawo ndawauza zomwezi. Lachisanu, naini koloko, mubwere ndi chifukwa chenicheni, apo ayi musavutike n'kubwera."

Manyazi amene ndinatuluka nawo muofesimo ndinawasandutsa mkwiyo tisanafike ndi pageti pomwe. Ndi khalidwe langa limenelo, sindibisa. Titadutsa ogulitsa mandasi ndinamutembenukira Luntha.

"Wamva? Akufuna zoona. Ndiye ndilembe kuti unkathawa m'kalasi kukakwera njinga za anyamata? Zimenezo zilowe m'fayilo ya boma? Ine ndikuvutika kukuphimba, iwe uli duu ngati si iwe unayambitsa zonsezi."

Anangofulumiza mapazi, n'kulowa kanjira ka pakati pa nyumba, ine n'kutsala ndikuyankhula ndekha.

Lachitatu m'mawa, ndikutsegula kumene shopu, Luntha anafika. Sanakhale pabenchi. Anatulutsa kanthu kokulungidwa m'jumbo n'kukaika pamwamba pa kiyibodi.

"Chifukwa chili umu," anatero. "Amama anandilumbiritsa kuti ndisakuuzeni iwo ali moyo. Atamwalira ndinaona kuti palibe phindu. Koma malo anga asandiphonye chifukwa cha bodza."

Anatuluka. Ndinamasula jumbo lija ndipo munali buku la kuchipatala la Betty, lakale lija ankati linasowa. Chikuto chake chinali chitafewa ndi thukuta, kusonyeza kuti ankalibisa m'zovala. Ndinatsegula masamba a kumapeto. Deti loyamba linali la mu Ogasiti chaka chatha, ndipo dzina la matendawo linalembedwa pomwepo, miyezi isanu ndi inayi ine ndisanalimve. Pansi pake panali madeti ena otsatizana, aliwonse ndi dzina la mankhwala ndi siginecha. Ndinatenga kalendala yakale imene ndimatsekera bowo la pakhoma, n'kuyamba kufananiza. Onse anali Lachiwiri. Pamzere wa womuyang'anira wodwala panalembedwa Luntha Likoswe, mwana wake.

Deti lomaliza linali Lachiwiri lomaliza la Okutobala. Pansi pake namwino analemba tsiku loti adzabwerenso, Lachiwiri lotsatira. Ine ndinamukweza Luntha basi Loweruka la pakati pa masiku awiriwo. Tsamba lotsatira linali loyera, ndi masamba onse otsala.

Sindikudziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji. Kunja macheka ankalirabe, ndipo wina ankanenerera mtengo wa bokosi mokweza mawu. Mayi wina anasuzumira kufuna fotokope ya chiphaso, ndinamuuza kuti makina afa. Ndinatseka shopu n'kuyenda wapansi kubwerera ku Biwi, pamphambano pamene anyamata a kabaza amaimika njinga zawo pansi pa mtengo wa kesha.

Shafiq ndinali ndisanayankhule naye chiyambire, ngakhale dzina lake ndinalitukwana chaka chathunthu. Anali mnyamata wa zaka ngati makumi awiri ndi zisanu, wa kandevu kochepa. Atandiona anatsika panjinga n'kuvula chipewa, ndipo ndinaona kuti akundidziwa ndipo akundiopa. Ndinamuonetsa bukulo.

"Madala, ine ndinkangonyamula," anatero. "Amayi ankanyamuka m'mawa okha pa minibasi, ngati akukaoda tomato. Sisi ankabwera pambuyo ndi ine kuti akawapeze pamzere. Pobwera ndiye inali ntchito. Mankhwala aja ankawafoola, ankasanza, kuima okha sankatha. Ndiye amayi pakati, sisi kumbuyo atawagwira, ine kuyendetsa pang'onopang'ono. Tinkatsikira kuseri kwa tchalitchi kuti anthu asaone. Inu munkakhala muli ku shopu."

"Nanga mwana atachoka?"

Anakanda m'mutu. "Ndinapita kukawauza kuti amayi, ndizikuperekezani ndekha, mkazi wanga akhoza kumakhala nanu pamzere. Anakana. Anati anthu anena kale zokwanira, nanga akaona mkazi wa mwini akukwera njinga yomwe ija? Anati apeza njira ina. Kenako ndinangomva uthenga wa maliro. Sole kwambiri, madala. Ine kunyumba kwanu ndinkaopa kufika, poti ndinamva kuti munati mukadzandiona mudzandithyola miyendo."

Ndinanenadi zimenezo. Ndinamupepesa pamaso pa anzake onse, ndipo iye anachita manyazi kuposa ine.

Dzuwa litapendeka ndinamupeza Luntha pakhonde akusankha nyemba m'lichero. Ndinakhala pa njerwa moyang'anana naye. Munthu amene ndadya ndi kukhuta chifukwa cha mawu oti chifukwa, ndinapeza kuti funso lakelo lilime langa silinalizolowere.

"Luntha, n'chifukwa chiyani amayi ako sanandiuze?"

Anapitiriza kusankha nyemba kwa kanthawi. "Mukukumbuka amayi a Tiyese, a nyumba yachitatu apo, atamwalira?"

"Ndikukumbuka."

"Munabwera kuchokera kumaliro n'kukhala patebulo. Munati matenda amenewo amagwira akazi oyendayenda, ndipo mwamuna wake ndi wopusa kulira chonchija. Amama anali akukuikirani ndiwo m'mbale. Anali atangopimidwa sabata yomweyo."

Ndinakumbuka tsikulo. Ndinakumbuka ngakhale ndiwo zake, zinali usipa wotendera. Mawuwo ndinawamva kwa amuna anzanga kumanda, ndipo ndinangowabweretsa kunyumba monga munthu amabweretsera nkhani ya mpira. Sindinkadziwa kanthu za matendawo, ndipo sindinafunsepo aliyense wodziwa.

"Anati mukadziwa muwathamangitsa, kapena muziwayang'ana mwa mtundu wina mpaka kufa," anapitiriza Luntha. "Anati bola achire kaye, adzakuuzeni zitatha. Tsiku lija pabalaza ndinkadikira kuti anene okha. Iwonso ankadikira kuti inu mundifunse. Mukanandifunsa kamodzi kokha, Adadi, ndikanaphwanya lumbirolo. Ndinali nditakonzeka."

Sanalire. Amene analira ndine, bambo wamkulu, pakhonde, ana a aneba akuonerera pampanda. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma phula langa anadya ndi ena. Luntha ananyamula lichero n'kulowa m'nyumba kukatereka nyemba.

Lachinayi ndinatsegula shopu koma chitseko ndinachisiya chotseka mwatheka. Ndinayatsa kompyuta, ndipo dzanja langa lokha linapita pa nambala thuu, ya matenda a kholo. "Due to her mother's illness." Ndinaiyang'ana nthawi yaitali. Inali yoyera, yaulemu, ndipo sinali bodza lenileni. Ndikanaphatikiza fotokope ya buku la kuchipatala, Mayi Kamtedza akanagwetsa misozi n'kupereka malo. Matenda anatha, mwini wake ali m'manda, palibe chodzamuchotsanso mwana mu Janyuwale. Kalata imeneyo ikanagwira ntchito, ndipo ine ndimadziwa kalata yogwira ntchito ndikaiona.

Koma matenda anamujombetsa Luntha masiku asanu ndi limodzi okha. Chaka chonse chotsalacho anamujombetsa ndi munthu, ndipo munthuyo anali atakhala pampando wanga. Ndinadziwanso kuopsa kwake. Ahedi ankafuna chifukwa chimene chatha, pamene chifukwa chenichenicho chinali chamoyo, chikudya ndi kugona m'nyumba imodzi ndi mwanayo. Kunena zoona kukanatha kumutayitsa malo. Kunama kukanamupezera malo, koma m'fayilo yake mukanakhala kalata yoikira amayi ake mlandu wanga, ndipo iye akanadziwa. Ndinayenda uku ndi uku m'kashopumo, mmene mulibe ndi malo oyendamo, mpaka wometa tsitsi anagogoda khoma kufunsa ngati ndili bwino.

Masana ndinapulinta nambala thuu ija, ndinaiika m'thumba, n'kuzimitsa kompyuta. Ndinang'amba pepala pakati pa kope, ndinatenga bolopeni, n'kulemba ndi dzanja monga ndinkachitira pabolodi. Chiganizo choyamba chinali ichi: "Luntha left school because I sent her away." Kuchokera pamenepo ndinasewera masewera aja a unyolo ndekhandekha. Ndinamuthamangitsa chifukwa ndinakhulupirira za panjira. Ndinakhulupirira chifukwa sindinamufunse. Iye sananene chifukwa ankasunga chinsinsi cha amayi ake, amene ankawaperekeza kukalandira mankhwala. Amayi akewo anabisa chifukwa cha mawu amene ndinanena patebulo, ndipo ndinawalemba mawuwo mmene ndinawanenera. Anasiya kulandira mankhwala chifukwa ndinawachotsera wowaperekeza. M'kalasi unyolo unkathera kutali, ana akuseka. Wangawu mbali iliyonse imene ndinkaukokera unkabwerera pa ine.

Ndinamaliza ndi kupempha kuti mwana asalangidwe kawiri pa mlandu umene sanapalamule. Panali pofufuta pawiri, ndipo mizere inapendekera kumanja. Pa makalata onse amene atuluka m'shopu imeneyo, iyi ndiyo inali yonyansa kwambiri kuiona. Envulopu sindinaimate.

Lachisanu tinanyamuka hafu pasiti eyiti. Titafika pageti la sukulu ndinamupatsa Luntha envulopuyo.

"Werenga kaye. Ngati sukufuna kuti ilowe, ndili ndi ina m'thumba, ya matenda a amayi ako. Imeneyo malo upeza mosavuta. Iyi sindikudziwa."

Anaiwerenga ataima pomwepo, ana a yunifomu akumudutsa mbali zonse. Anafika kumapeto n'kubwereranso poyamba. Kenako anaipinda bwinobwino, anaibwezera mu envulopu, n'kulowa pageti osafunsa za inayo.

Mayi Kamtedza anaiwerenga yonse, mpaka pansi. Atamaliza anavula magalasi n'kuwasiya alendewere pachifuwa. Kunja kunkamveka aphunzitsi ena akuitana mayina.

"Mukudziwa kuti iyi ikhala m'fayilo, ndipo ena adzaiwerenga?"

"Ndikudziwa, Madamu."

"Ndinakuuzani kuti ndikufuna kuona ngati chifukwa chatha. Apa mwalemba kuti chifukwacho ndinu. Inu mudakalipo, bambo. Mawa wina akadzakuimitsaninso panjira, ndidziwa bwanji kuti mwanayu sadzakwezedwanso basi?"

Ndinafufuza m'mutu mwanga, mmene muli makalata khumi ndi anayi, ndipo munalibe nambala ya funso limenelo. "Sindingakutsimikizireni, Madamu," ndinatero. "Ndikanama ndikati ndasintha pa masiku awiri. Chimene ndingalonjeze n'chakuti ndidzayamba ndafunsa."

Sanaoneke wokhutira, ndipo sindikumuda. Anatembenukira kwa Luntha. "Nanga iwe ukuti bwanji?"

Luntha anaimirira, manja kumbuyo, monga amachitira ana a sukulu. "Madamu, chaka chatha ndinakwera basi chifukwa ndinkasunga mawu a amama. Pano ndilibenso chosunga. Akadzandikwezanso, ndidzatsikira pa Biwi n'kubwera kuno wapansi."

Mayi Kamtedza anavalanso magalasi. Kenako anakoka rejisitala ya Fomu 3, anatsegula bolopeni, n'kulemba dzina pamzere wotsiriza. Sindikudziwa zimene makolo ena awiri aja analemba, ndipo ndikawaganizira mtima umandipweteka, poti kalata imene inawagwetsa poyamba inatuluka m'pulinta yanga.

"Uyambe Lolemba. Yunifomu ikadalipo?"

"Ilipo, Madamu. Amama anaisunga m'sutikesi."

Titatuluka ndinkayembekeza kanthu, sindinama. Mwina kumwetulira, mwina kundigwira dzanja monga ankachitira ali wamng'ono tikamawoloka msewu wa ku Mchesi. Tinayenda mpaka pa ogulitsa mandasi paja. Pamenepo anaima.

"Adadi, kalata ija mwalemba bwino."

"Zikomo, mwanawe."

"Koma ija ndi ya ahedi. Amama Chingerezi sankamva." Anandiyang'ana m'maso, koyamba chichokereni ku Chiradzulu. "Mukalembe ina m'Chichewa. Mwezi wamawa tikamakalambula kumanda, mukawawerengere. Ine ndidzaima pomwepo."

Anapitirira kunyumba kukachapa yunifomu, ine ndinakhotera ku shopu. Papita masabata atatu tsopano. Luntha amadzuka m'mawa, amasita siketi yake, amapita ku Kawale, ndipo Lachiwiri lililonse ndimapezeka nditaima pakhomo kumuyang'ana mpaka atakhota. Pepala la kalata ya Chichewa ija lili pansi pa kiyibodi. M'Chingerezi ndinamaliza masana amodzi, poti m'chinenero chimenecho ngakhale kuvomera mlandu kumamveka ngati ntchito ya muofesi. M'Chichewa ndi mmene ndinamufunsira Betty ukwati, ndi mmenenso ndinamukalipira atagwada pakhomo paja. Kwatsala masiku asanu ndi anayi kuti tipite kumanda, ndipo papepalapo pali mawu atatu okha: "Mayi a Luntha."